Kabokosi Kakuda ndi Dzina la Mayi Nachisale

Kawale, ntchito yanga yoyamba

Ana anga, za ubwana wanga ku Ntcheu mudazimva kale kwa azakhali anu, ndipo theka lake n'zowonjezera. Ine ndiyambira pamene pali mapepala. Kalata yanga yoyamba ya ntchito ili m'fayilo yobiriwira, m'sutikesi ya pansi pa bedi. Idandilemba kukhala wothandiza pa shopu yokonza mataipi, makina olembera makalata aja, ku Kawale. Mwini shopuyo adali mkulu wolusa, wosadziwa kuyamika, komabe ndi iyeyo adandisandutsa mmisiri. Tsiku langa lachiwiri ndidamasula taipi ya pasukulu ina, ndipo nditamanganso padatsala timasikuluwu titatu m'dzanja langa. Sadandikalipire. Adangondiponyera kope ndi pensulo, nati, "Iwe Mbewe, chinthu usanachikhudze, lemba mmene wachipezera. Ukamamasula, jambula. Ukapereka kalata kwa munthu, asayine pa kope lako." Ndidagwira pamenepo zaka zambiri, nthawi imene maliboni a taipi ankasowa mpaka tinkanyika akale mu inki n'kuwayanika pa waya ngati matewera. Kenaka maofesi adayamba kutaya mataipi n'kumagula makompyuta. Anzanga ena adabwerera kumudzi, ena adayamba kukonza njinga. Ine ndidagula kompyuta yakufa kwa ogulitsa zitsulo, n'kuimasula ndi kuijambula mwezi wathunthu, mpaka ndidadziwa chimene chimagwira chinzake.

Area 25, zaka khumi ndi ziwiri zoyamba

Ntchito imene ndidakhalitsapo idali ku kabungwe kena ku Area 25, kodinda mabuku a sukulu a ana osaona, aja a zilembo za timadontho zowerenga ndi zala. Dzina la bungwelo sindilemba, ngakhalenso la manijala wake, popeza ana awo alipo ndipo sadandilakwire. Tidalipo ochepa. Mayi Nachisale, mayi wamasiye wa ku Dedza amene ankakhala ku Chinsapo, ndiwo ankataipa mabuku onse m'kompyuta. A Sakala, amene adabadwa osaona, ankawerenga tsamba lililonse lotuluka m'makina kufunafuna zolakwika. Ine ndinkasamalira makina.

Kompyuta yotha kuyendetsa makina odindirawo idali imodzi yokha. Idabwera ndi azungu amene ankatithandiza, ndipo tsiku loiika ndidaima kumbuyo kwa mmisiri wawo ndi kope langa. Makompyuta a nthawi imeneyo sankazindikira okha disiki ya m'kati mwawo, momwe mumakhala zonse zotaipidwa. Munthu ankachita kulembamo manambala atatu osonyeza kamangidwe ka disikiyo. Manambalawo, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi, ankasungidwa m'kabokosi kakuda, kochepera bokosi la machesi, kowotchereredwa pa bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta. M'kabokosimo mudali batire yokwiriridwa m'phula lolimba ngati mwala, yosatheka kuichotsa. Ndidafunsa mmisiriyo kuti batireyo imakhala nthawi yaitali bwanji, ndipo adati zaka khumi. Ndidalemba. Manambala atatu aja adawalemba mothamanga, ine ndidawakopera. Adandiseka, kenaka adatseka kompyutayo n'kumatapo kapepala kofiira koletsa wina aliyense kuitsegula kupatula iwowo. Patapita zaka zinayi azunguwo adatsanzika, osabweranso. Kapepalako kadatsala.

Zaka khumi zitakwana, wotchi ya kompyutayo idayamba kutsalira, makamaka Lolemba, ikagona masiku awiri osayatsidwa. Ndidalembera a Manijala memo katatu kuti batire ikutha. Ndidapemphanso madisiketi atsopano, chifukwa akale amene tinkasungiramo makope a mabuku adachita nkhungu ndi chinyontho cha dzinja. Memo zonse adasayina kuti alandira, ndipo yankho lidali limodzimodzi: "A Mbewe, inu ndi mapepala! Wotchi ikutsalira? Si iyo ina pakhomapo, muziyang'ana imeneyo."

Lolemba la mlandu

Kudali m'nyengo yozizira. Mayi Nachisale adafika m'mawa n'kuyatsa kompyuta monga mwa masiku onse. Idalira kawiri, n'kulemba kuti mulibe disiki iliyonse, ndipo tsiku lidabwerera ku chaka cha 1980. Mabuku onse amene adataipa pa zaka khumi ndi ziwiri sadaoneke. Tsoka lake, Lachisanu lapitalo mayiwa adakangana ndi a Manijala, atakana kusiya buku la sayansi pakati kuti ataipe ndondomeko ya ukwati wa mng'ono wawo wa bwanayo. Ndipo ndi iwo adazimitsa kompyuta poweruka.

Pa ofesi pathu tsiku linkayamba ndi mapemphero pakhonde, tonse pamodzi, alonda ndi oyeretsa omwe, ndipo zolengeza zinkabwera tikanena Amen. Tsiku limenelo a Manijala adatsokomola kaye, nati, "Abale, pakati pathu pali munthu amene wafufuta ntchito ya zaka khumi ndi ziwiri chifukwa cha mkwiyo. Akuganiza kuti walanga ine. Ayi. Walanga ana osaona." Dzina sadatchule, koma maso awo adatchula. Isanakwane teni koloko, Mayi Nachisale adapatsidwa kalata yoti ayambe akhala kunyumba, asapondenso pa ofesi mpaka komiti idzagamule za iwo. Adatenga kapu yawo ndi juzi, natuluka osayang'ana munthu.

Ndidalowa mu ofesi ya bwana ndi fayilo yanga.

"Bwana, mabuku alimo onse. Yafa ndi batire ya wotchi. Kompyuta yangoiwala njira yopita ku disiki yake."

"Batire ya wotchi ingadye mabuku? A Mbewe, mukundiona ngati mwana?"

"Memo zitatu izi, mudasayina nokha. Manambala amene yaiwala ndili nawo."

"Kalembenimo tione."

Tidapita limodzi, ndidalembamo manambala aja. Koma kompyutayo inkati ikadzizimitsa kuti iyambirenso, inkapeza kuti batire ndi yakufa n'kutaya zonse ndalemba. Ndidayesa katatu. A Manijala adaseka.

"Mwaona? Musamuikire kumbuyo mayi ameneyu. Ndipo kapepala kofiira aka musakakhudze. Ndilembera eni ake."

"Eni ake adachoka mwana wanga wachitatu ali Sitandade 1, bwana. Lero ali ku sekondale."

"Ndanena."

Lachiwiri, ku Biwi

Ku Biwi kudali mnzanga wakalekale, Che Ajibu wa ku Mangochi, wokonza mawailesi ndi ma TV. Kuseri kwa shopu yawo kudali mulu wa mabolodi akufa, ndipo titafukula kwa ola limodzi tidapeza limodzi lokhala ndi kabokosi kofanana ndi kathu.

"Basi, ambwana, nkhani yatha," adatero Che Ajibu. "Zulani kanuko, muikepo aka."

"Aka n'kamsinkhu womwewo, kadafa kale nakonso. Komanso miyendo yake yachitsulo yolowa m'bolodi ndi yoposa makumi awiri, ndipo pa bolodi lokalamba chonchi, ndikazula ndisenda njira za magetsi."

"Ndiye chotsani disiki, mukaiike m'kompyuta ina."

"Akati ndabwezeramo ndine mabukuwo pofuna kupulumutsa mnzanga. Iyenera kudzuka yomweyo, pamalo pomwepo, anthu akuona."

Adapukusa mutu. "Inu a ku Ntcheu mukafuna mlandu mumaugula ndi mbuzi."

Tidagwirizana kuti kabokosi kakufako tikang'ambe kuti tione za m'kati. Tidakamanga pa vaisi, chitsulo chopanira zinthu, n'kuyamba kukapala ndi tupa cham'mbali. Tidaona kuti pamzere wa miyendo pali mipata, ndipo pa mipata iwiri miyendoyo sidasowe ayi, idapindidwira m'mwamba m'kati mwa phula kukagwira batire. Ndiye kuti munthu atafika pa miyendo iwiriyo, n'kudula batire yakale, akhoza kulumikizapo yatsopano kunja. Ndidasangalala, ndipo kusangalalako kudandipweteketsa. Ndidakankha tupa mopitirira mpaka lidadya chipangizo chenicheni cha m'kati.

"Ameneyu mwamupha kachiwiri," adatero Che Ajibu. "Koma bola. Mwaona pamene pali mtima wake. Uko musakafikepo."

Ndidayeza kuya kwake n'kukulunga tepi pa tupa kuti ndidziwe polekezera, ndipo ndidajambula zonse m'kope. Iwo atabwerako ku swala ya masana ku mzikiti adandidulira kachikho kosungira batire kuchokera pa bolodi lina laposachedwapa, adandipatsa kabatire kophwathalala ngati batani la jekete, nandibwereka chowotcherera chawo cha nsonga yosongoka. "Chibwere chili chamoyo," adatero. "Inuyo kaya."

Lachitatu

M'mawa ndidapita ku Chinsapo. Ndidapeza Mayi Nachisale akhala pakhonde, manja ali pamwendo, munthu amene zaka zonse sindidamuonepo manja ake atakhala chete. Adandiuza kuti nkhani idafika kale. Mayi wina woyeretsa pa ofesi pathu ankapemphera nawo mpingo umodzi, ndipo atsogoleri a chigwirizano cha amayi atamva kwa iyeyo adapempha Mayi Nachisale kuti ayambe apuma pa ulembi wa chigwirizanocho mpaka zinthu zidziwike.

"Pamsika dzulo wina wandiloza, a Mbewe. Akuti ndi uja walanga ana osaona. Ine zala izi zidapindika chifukwa cha ana amenewo."

Ndidawafotokozera chimene ndikufuna kuchita.

"Musadziphe chifukwa cha ine. Kwakutsalirani zaka ziwiri kuti mupume. Ikakuferani m'manja, mlandu wonse ugwera inu."

"Ikafa ndiyankha ndine. Mawa teni koloko mubwere."

"Kalata yanga ikuti ndisaponde."

"Kunja kwa geti si ofesi."

Adanena zoona. Tupa likadangolowa mopitirira monga ku Biwi, kompyutayo sikadadzukanso, umboni wa mayiwa ukadafera momwemo, ndipo ine ndikadatuluka ndi dzina la wowononga katundu wa bungwe. Amayi anu nditawauza adangofunsa funso limodzi: "Mukudziwa chimene mukuchita, kapena ndi mkwiyo wanu uja?" Ndidawayankha kuti zonse ziwiri.

Masana ndidataipa kalata yodziwitsa a Manijala kuti Lachinayi teni koloko ndidzatsegula kompyuta, ndi zifukwa zake, mfundo zisanu ndi imodzi. Zobisa ndidazikana kuyambira kale. Adaiwerenga ataimirira, nandibwezera.

"Sindisayina. Mawa ndili ku wekishopu. Mukaitsegula, mutsatana naye mayi wanuyo."

Pansi pa kope langa ndidalemba kuti alandira koma akana kusayina, ndipo ndidapempha a Sakala, amene adali pakhomo, kuti adinde chala ngati mboni.

"Kuona sindinaone," adatero a Sakala akupereka chala, "koma kukanako ndakumva bwinobwino. Kunali kwa mawu okweza."

Lachinayi, teni koloko

Ndidaitana a Sakala ndi mlonda wamasana kuti akhalepo. Mayi Nachisale adakhala pansi pa mtengo kunja kwa geti. Kapepala kofiira sindidakang'ambe. Ndidakadula bwinobwino ndi lezala pakati penipeni. Ndidajambula pamene pali khadi lililonse ndi chingwe chilichonse ndisanazule, kenaka ndidatulutsa bolodi n'kuliyala pa thaulo. Ndidalifunda ndi nyuzipepala yoboola pakati, kabokosi kokha kali poyera, kuti fumbi lisagwere pa zina. Ndidawerenga mipata ya miyendo katatu, ndikuyerekeza ndi chojambula cha ku Biwi, n'kuika timadontho tiwiri ta choko.

Kupala kudanditengera mphindi makumi anayi. Phula limenelo limatuluka ngati mwaye, ndipo ndinkapala kasanu, n'kuuzira, n'kuyang'ana, n'kupalanso kasanu.

"A Mbewe, mukukonza kompyuta kapena mukupala mphika wopserera?" adafunsa a Sakala.

"Khalani chete, mkulu, ndili pafupi ndi mtsempha."

"Mtsempha wake kapena wanu? Kupuma kwanuko ndikukumva kuno."

Pamalo oyamba chitsulo chidang'anima tepi isanakhudze phula. Pachiwiri chidachedwa, ndipo tepi itakhudza ndidaima. Ndidaika tupa pansi, ndidatenga singano n'kumakanda pang'onopang'ono mpaka nachonso chidaoneka. Mita yoyezera magetsi idasonyeza kuti batire yakale yatheratu. Ndidauza mlonda kuti ayang'ane muvi wa mitayo, ndipo ndidalemba m'kope. Kenaka ndidadula kachitsulo kolumikiza batire yakufayo, chifukwa ukaisiya imayamwa yatsopano. Ndidawotcherera waya wofiira pa mwendo umodzi, wakuda pa winawo, mwachangu kuti moto usalowe m'kati, ndipo kachikho ka batire ndidakamata ndi guluu pamwamba pa kabokosi.

Nditabwezera zonse m'malo mwake ndidayatsa. Ndidalemba tsiku, nthawi ndi manambala atatu aja, n'kuiuza kuti isunge. Idadzizimitsa, idalira kamodzi, ndipo disiki idayamba kulira kalikiliki wake wa masiku onse. Mndandanda wa mabuku udatsika pa sikirini, kuyambira la Chichewa la Sitandade 1 mpaka la sayansi lija. Mlonda adafuna kuthamangira ku geti, koma ndidamugwira mkono. Ndidazimitsa pakhoma, tidadikira mphindi khumi pa wotchi, ndipo nditayatsanso idakumbukira zonse yokha.

Ndidadinda tsamba lomaliza la buku la sayansi n'kulipereka kwa a Sakala. Adayendetsa zala, akuwerenga mokweza za mmene mbewu imamerera, mpaka adaima mwadzidzidzi.

"Chiganizo chathera panjira. Apa ndi pamene Mayi Nachisale adalekezera Lachisanu poweruka, atakangana za ukwati zija." Adasisita tsambalo. "Munthu wofuna kufufuta sasiya chiganizo choti adzamalize Lolemba."

Ndidatuluka ndekha kukawauza mayiwo. Adaphimba nkhope ndi chitenje kanthawi. Nditawapempha kuti alowe adzaone, adakana. "Adanditulutsa ndi mawu. Andilowetsenso ndi mawu."

Lachisanu

A Manijala adandiitana mapemphero asanayambe. Adali ataona kale kompyuta ikugwira ntchito, ndipo adali ofatsa ngati mlendo.

"A Mbewe, tonse ndife akuluakulu. Nkhani iyi ithe mwakachetechete. Mayi aja abwere Lolemba, kalata yawo ting'ambe, komiti ndiiuza kuti makina adangodwala. Inunso za kapepala kofiira ndiziiwala. Mupume bwino pakatha zaka zanu ziwiri."

Ana anga, kupala kabokosi kudali kosavuta poyerekeza ndi pamenepa. Ntchito ya mayiwo idali itabwerera, yanga idali yotetezeka, ndipo chofunika kwa ine chidali kutseka pakamwa basi. Tidatuluka kupita pakhonde. A Manijala ndiwo adapemphera, nathokoza Mulungu kuti kompyuta yachira mwa chisomo chake. Titanena Amen adalengeza za tchuthi, nati tibalalike.

Ndidakweza dzanja.

"Bwana, pepani. Lolemba mudanena pakhonde pano kuti pali munthu walanga ana osaona. Alonda adamva, oyeretsa adamva, ndipo mawuwo adakwera minibasi mpaka ku Chinsapo. Lero tiuzeni pomwe pano. Munthuyo alipo kapena palibe?"

"A Mbewe, zimenezo tikambirana mu ofesi."

"Sizidanenedwere mu ofesi, bwana."

Mayi woyeretsa uja ankayang'ana tsache lake. Kenaka a Sakala adagogoda ndodo yawo pansi. "Ife makutu tatchera, bwana. Tsamba ndawerenga ndine dzulo, lili m'thumba muno ngati mukulifuna."

A Manijala adati, "Palibe."

"Ndiye tchulani dzina la amene alibe mlanduyo," ndidatero, "chifukwa Lolemba aliyense adadziwa amene mukunena."

Adandiyang'ana ndi diso limene ndidadziwa tanthauzo lake. "Mayi Nachisale sadafufute kanthu. Vuto lidali la batire."

Ndidatembenukira kwa mayi woyeretsa. "Mayi, mwamva? Mmene mudanyamulira oyamba aja, munyamulenso awa."

Njewa, zaka ziwiri zomaliza

Sabata yotsatira ndidalandira makalata awiri. Ina idali yondichenjeza chifukwa chotsegula katundu wa bungwe popanda chilolezo. Ina idali yondisamutsira ku nyumba yosungiramo mapepala odindira ku Njewa, kumene ntchito yaikulu idali kuthamangitsa makoswe ndi chiswe. Munthu wa makina, zaka zoposa makumi atatu, kukamaliza ndi misampha! Ndinkakwera maminibasi awiri kupita, awiri kubwera, ndipo nsapato zinkatha ndi fumbi. Ndidayankha chenjezolo ndi masamba anayi, koma yankho la komiti silidabwere mpaka lero. Pa zonsezi sindidapepese kwa munthu, ndipo inunso musadzapepese m'malo mwanga.

Tsiku langa lomaliza ku Area 25, Mayi Nachisale adandiperekeza mpaka pa siteji, atanyamula bokosi langa la zida ngakhale ndidawakaniza. Adandiuza kuti amayi a chigwirizano adabwera kunyumba kwawo atatu kudzawabwezera buku la ulembi, ndipo woyeretsa uja adali pakati pawo, ndiye adayamba kulankhula. Ndidawafotokozera Mayi Nachisale mmene angasinthire kabatire kaja akadzaona wotchi ikutsalira: kukankha ndi chikhadabo, kuikamo kena, chilembo chili kumwamba.

"Ena akuti ndidapusa," ndidawauza. "Akuti ntchito mukadabwerera ndithu ngakhale ndikadakhala chete."

Adaika bokosi lija pa mpando wa minibasi.

"Kubwerera ndikadabwerera, a Mbewe. Koma ndikadabwerera ngati wakuba amene amukhululukira. Lolemba lija ndidalowa pa geti mutu uli m'mwamba, n'kukamaliza chiganizo changa."